Mtsinje Umene Ndinaudzaza ndi Penti

Okondedwa achemwali,

Ndayamba ndi moni. Kaya muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana onse? Msana uja ukukupatsaniko mpata masiku ano? Ife kuno tilipo, kupatula bondo langali lomwe limayamba kudandaula likangoona masitepe. Akulemba kalatayi ndi apongozi anga atelala, amayi a adzukulu anu. Ndawauza kuti alembe mawu anga momwe akutulukira, asawasite ngati malaya, ndipo akamandiwerengera ndimva ngati achotsapo kanthu.

Ndiyambe ndi zabwino chifukwa zilipo. Loya, mdzukulu wamkulu uja sagonja pa mkangano, wakhoza mayeso ndipo wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Njuchi, mlongo wake, ndiye anasankhidwa pa sukulu yawo yonse kuti ajambule chithunzi chopita ku chionetsero cha ana. Nduna, chitsiriza uja amadya poyamba n'kugwira ntchito pomaliza, wajambula dzuwa la mano akuthwa ku sukulu yamkaka, aphunzitsi n'kumuikira nyenyezi. Bambo wawo, mwana wanga, tsopano ndi kapitawo ku galaja. Ine amene ndinasiya sukulu anzanga akuyamba kumene kulemba ndi inki, ndikamatchula zimenezi chifuwa chimakula.

Koma nkhani imene yandilembetsa ndi ya Njuchi, ndipo mbali yanga m'nkhaniyo si yonyaditsa. Khalani pansi muimve yonse musanaseke kapena kukwiya.

Ku sukulu kwawo akuphunzira za kusintha kwa nyengo. Ife kuno tikuziona ndithu. Kukutentha moti malata amalira masana, mipopi imangotulutsa mpweya, ndipo mvula ikati ibwere imabwera ngati yakwiyira munthu. Ngalande za mumsewu mwathu zimatsekeka ndi mapepala apulasitiki, madzi n'kulowa m'nyumba osagogoda. Ndiye sukulu zonse za mumzinda zinauzidwa kuti iliyonse itumize mwana mmodzi ndi chithunzi cha chimene iye waona ndi maso ake pa nkhani imeneyi. Zithunzizo azikazipachika mu holo yaikulu kuti anthu akaone.

Njuchi anasankha mtsinje wathu. Mukukumbuka tchuthi chija anabwera kwanu ndi bambo ake? Pobwerako ananyamula botolo lodzaza mchenga. Ine ndinangoti ndi zachibwana. Kenaka anakapempha bolodi kwa akalipentala a kuseri kwathu, anatenga guluu, n'kumadzitsekera kuchipinda masana aliwonse akaweruka. Atamaliza anakulunga bolodi lija m'nsalu yakale ya amake, n'kukaliimika m'kachipinda kosungiramo katundu momwe ndimasungamo zitini zanga. Anatilamula tonse kuti wina asakhudze mpaka tsiku lokapereka.

Inu mukundidziwa, achemwali. Moyo wanga wonse ndaudyera pa makwerero, burashi ili m'manja. Ndapenta nyumba, mageti, masitolo, ngakhale zipinda za anthu amene sankandilola kukhala pa mipando yawo. Khoma losamaliza limandiyabwa m'manja ngakhale lisakhale langa. Tsiku lina onse atachoka ndinalowa m'kachipinda kaja kufuna msomali, ndipo dzanja linakweza nsalu ija lokha.

Mtsinje ndinauzindikira pomwepo. Pokhota paja pali mwala waukulu, mkuyu uja tinkalumphirapo, njira yotsikira kumadzi, zonse zili m'malo mwake. Mwanayu ali ndi dzanja, ndisaname. Koma mitengo inalibe tsamba ndi limodzi lomwe, ina inali zitsa zokha. Mu mtsinje munali mchenga wokhawokha womata ndi guluu. Pakati pake panaima amayi pamzere ndi ndowa, mmodzi atagwada. Kumwamba kunali koyera mbee, ndipo pagombe panali ng'ombe yowerengeka nthiti.

M'mutu mwanga munabwera ganizo limodzi lokha: mwanayu penti wabuluu ndi wobiriwira wamuthera, ndipo waopa kupempha bambo ake. Pa ntchito yathu mtundu wotuwa ndi wapansi, woyalira chabe, mtundu weniweni umabwera pamwamba. Ndiye ndinaona ngati nyumba imene aipaka koyamba n'kuisiya. Mtima unandiwawa. Ndinati mdzukulu wa penta akanyozeke pa gulu chifukwa chosowa penti, ine ndili moyo, zitini zili apa?

Ndinayamba ndi sandipepa, chifukwa penta weniweni sapaka pokhakhala. Mchenga wonse uja ndinaupala mpaka bolodi linasalala, n'kuusesera panja. Kenaka ndinatsegula penti wamafuta wotsala pa ntchito yanga yomaliza, wabuluu wa mageti ndi wobiriwira wa mawindo. Mtsinje ndinaudzaza kuyambira gombe lino mpaka tsidya lija. Amayi aja ndinayesa akuchapa kapena kusamba m'madzi amene mwana sanawapake, ndiye madzi ndinawalekezera m'chiuno. Wogwada uja anamira yense, panangotsala duku. Zitsa ndinazimeretsa nthambi, mkuyu ndinauveka masamba, ng'ombe ndinainenepetsako. Ndinapaka kawiri monga mwa lamulo la ntchito. Utauma ndinakulunganso nsalu momwe inalili. Fungo palibe anadabwa nalo, poti kachipindako kamanunkha penti chaka chonse.

Tsiku lokapereka, Njuchi ananyamula bolodi lake lili chikulungire. Ine ndinameta ndevu, ndinavala malaya oyera, n'kukhala pakhonde kudikira kuthokozedwa. Apongozi anandifunsa ngati kukubwera alendo. Ndinangomwetulira ngati munthu wodziwa zinthu.

Anabwerako bolodi lili kukhwapa. Anandidutsa osandipatsa moni, chimene sanachitepo chibadwire, n'kukadzitsekera. Amene anandiuza zonse ndi Loya. Akuti anavundukula nsalu ija pamaso pa kalasi yonse ndi aphunzitsi a zojambula, mayi wachitsikana koma wosaseketsa pa ntchito. Aphunzitsi ananunkhiza, anayendetsa chala pa bolodi, n'kufunsa kuti wapenta ndani, chifukwa lamulo linali loti dzanja la munthu wamkulu lisakhudze. Anamufunsa Njuchi mobwerezabwereza. Buluu ameneyo amamudziwa bwino, ndi yemweyo ali pa geti lathu, koma dzina langa sanalitchule.

Aphunzitsi ananena kuti walakwa pawiri: wabera pogwiritsa ntchito wamkulu, komanso chithunzicho chikutsutsa zonse zimene aphunzira. Anachotsa dzina lake, malo n'kupatsa mwana wina. Pofika nthawi yopuma sukulu yonse inali ikumutcha Kontirakita, ati amalemba aganyu omujambulira.

Loya, pakamwa pake paja, anandiuza kuti ndabweretsa chigumula chimene ngakhale wailesi sinachenjeze, ndipo kuti apolisi akamva andifunsa za agogo akumudzi amene ndawamiza. Apo m'pamene ndinadziwa kuti mayi wogwada uja ndinu, achemwali, mukutunga madzi ndi kapu m'dzenje lokumba mumchenga. Ndakumizani ndi penti wa geti. Ndikhululukireni.

Manyazi achiwiri ndi akuti sindinagonje msanga. Ndinamuitanitsa Njuchi, n'kumuuza kuti ndamukonzera chithunzi, kuti mtsinje wathu suoneka choncho, kuti sunaphwepo ngakhale chaka cha chilala chija tili ana, komanso kuti si bwino kukaonetsa kwathu ngati chipululu pamaso pa anthu achilendo. Ndinalankhula zambiri, mawu akulu akulu.

Iye anagwada mwaulemu, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti kodi agogo munapitako liti komaliza. Anati mtsinje umene ndapentawo uli m'mutu mwanga mokha. Anati iye anayenda pakati pake masana, mchenga unamuotcha mapazi, ndipo anakuthandizani kudikira kuti dzenje lidzaze. Amake anafuna kumukalipira kuti akuyankha akulu, koma ndinawaletsa. Ndinatembenukira kwa mwana wanga. Iye anayamba kukanda khosi ndi kuyang'ana pansi ngati wataya ndalama yachitsulo. Pomaliza anavomera kuti mwanayo sananame. Akuti masiku ano mtsinje umayenda mvula ikagwa basi, kenaka n'kuuma, mkuyu unafa, ndipo magombe akugumuka chifukwa mitengo inatha. Akuti anandibisira chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kwangaku.

Inunso, achemwali, muli ndi gawo lanu. Bondoli landiletsa ulendo zaka zambiri, ndipo nthawi zonse ndikakufunsani pa foni za mtsinje mumangoti ulipo. Inde ulipo, monga jekete la malemu limakhalira pa msomali. Sindikukudzudzulani, ndikudziwa munkandisunga. Koma taonani tsopano, munthu wamkulu ndapita kukatsutsana ndi mwana wonena zoona, nditanyamula nkhani zakalekale ngati umboni.

M'mawa mwake ndinayesa kuchotsa penti uja ndi parafini. Buluu ankachoka, koma ankachoka pamodzi ndi mizere ya mwana imene inali pansi pake. Ndinasiya ndisanawononge zambiri. Mchenga nawo unali utasakanikirana kale ndi fumbi la pabwalo, nkhuku za aneba zitapalasapo. Madzi akatayika saoleka, ngakhale a penti.

Ndinaona kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatenga ndodo yanga n'kupita ku sukulu ndekha. Anandikhazika pa kampando ka ana, maondo ali kuchibwano, ndipo ndinafotokoza zonse kwa aphunzitsi aja. Anamvetsera osandidula. Atamva za sandipepa anagwira pakamwa, sindikudziwa ngati ankabisa kuseka kapena kulira. Anati apepesa kwa mwanayo mu ofesi. Ine ndinakana. Ndinati mwana ananyozeka pa gulu, ndiye atsukidwenso pa gulu pomwepo.

Choncho ndinaima kutsogolo kwa kalasi, chipewa chili m'manja, n'kuuza ana kuti wakuba m'nkhaniyi palibe, pali nkhalamba yosamva malamulo. Ndinati Njuchi sanandilembe ganyu, ndinadzilemba ndekha, ndipo amene akufuna kutcha munthu Kontirakita atche ine. Anaseka mpaka ena kugwera pa madesiki. Njuchi yekha sanaseke, anangoyang'ana pa windo.

Mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa ngati ndi zoona kuti mu mtsinjewo munkakhala madzi otere. Ndinati inde, ndipo ndinayamba kuwauza za nsomba, za mmene tinkawolokera zovala zili pamutu, za tsiku lija munatsala pang'ono kukokoloka ndinakugwirani tsitsi. Ndinaona pa nkhope zawo kuti akumva ngati nthano. Kenaka wina anafunsa kuti nanga madziwo anapita kuti, ndipo ife akulu tinali kuti pamene ankapita. Achemwali, ine amene sindisowa chonena ndinayamba kufunafuna yankho. Ndinayang'ana kudenga, ndipo chimene ndinapezako n'chakuti denga la kalasi yawo likufunika penti. Anandipulumutsa ndi aphunzitsi, pouza ana kuti funso limenelo akaliyankhe m'makope.

Pondiperekeza anandiuza kuti malo a chionetsero chino apita basi, sangalande mwana winayo. Koma sukulu zikadzatsegulira pambuyo pa tchuthi chikubwerachi kuli china chachikulu, ndipo adzalemba dzina la Njuchi ngati atabweretsa chithunzi chatsopano cha dzanja lake lokha. Anatsindika mawu akuti lokha akundiyang'ana m'maso.

Bolodi lija lili pabalaza, latembenuzidwira kukhoma. Tsiku lina ometa tsitsi a pakona anabwera kudzasoketsa nsalu, analitembenuza, n'kuyamba kuyamikira kuti ndi malo okongola bwanji, kuli ngati ku paradaiso, ndiwapatse akapachike m'shopu mwawo kuti makasitomala aziziziritsa maso. Moyo wanga wonse ndakhala ndikufuna kuti anthu ayamikire ntchito yanga, koma tsiku limenelo chiyamikiro chinandiwawa ngati mbama. Njuchi anali pomwepo akusesa. Sanakweze n'komwe mutu.

Chimene chikundidya kwenikweni ndi ichi: mwana wasiya kujambula. Mapensulo ake onse wapatsa Nduna, amene akulembalemba nawo khoma. Kale ankabwera kudzakhala nane ndikamatsuka maburashi, n'kumandinyoza kuti ndimawasamalira kuposa mano anga otsalawa. Ankanditcha abwana penta. Tsopano amandipatsa madzi mwaulemu wonse, inde agogo, zikomo agogo, n'kuchoka. Ulemu wotere ndi wopatsa mlendo. Ndikanakonda akanandikalipira.

Dzana ndinamuitana pakhonde. Ndinamuuza zimene aphunzitsi ananena, ndipo ndinati ndilembera agogo akumudzi atitumizire mchenga wina pa basi, ndimupezere bolodi latsopano, ndipo maburashi anga ndipereka kwa amake awatsekere m'kabati. Anayankha kuti mchenga ungathe kukwera basi, koma maso anga sangatumizidwe m'botolo. Anati akajambulanso kuno ndidzangokhala chete chifukwa cha manyazi, koma mumtima ndizidzati mwana wawonjeza. Ndinafuna kukana, koma apongozi anga omwe akulembawa anatsokomola, ndipo ndinazindikira kuti mwanayo wandiwerenga bwino.

Ndiye anaika lamulo lake. Akuti adzajambulanso pokhapokha ine nditapita naye kumudzi, nditsike ndekha njira ija, ndikaime pakati penipeni pa mtsinje pamene ndinapaka buluu wochindikala, nditavala nsapato zanga zakuda za pa zochitika. Nsapato zikanyowa, iye adzagwada n'kupepesa pamaso pa abale onse. Zikapanda kunyowa, ndiime pomwepo osasuntha mpaka atamaliza kundijambula, ndipo chithunzicho ndi chimene chidzapite ku chionetsero, nkhope yanga ili poyera.

Loya akuti alemberatu mgwirizano kuti ndisadzathawe. Mwana wanga anadandaula za bondo ndi za magazi, koma ndinamuuza kuti ngati ndinali ndi mphamvu yopala bolodi la mwana, ndili nayo yokwera basi. Ndavomera. Ndipo ndisakubisireni, ndikuopa. Sindikuopa chionetsero, anthu aseke n'kutopa. Ndikuopa kuima pa malo amene ndinaphunzirira kusambira n'kumva fumbi likulowa m'masokosi.

Pempho langa ndi limodzi. Tikabwera musandikonzere kanthu. Ndikukudziwani, mudzafuna kundidzeretsa njira yakumtunda, kudzaziratu migolo kuti ndisaone kumene madzi akuchokera, ndi kuvala zovala zabwino mwana akatulutsa pensulo. Ayi, chonde. Mudzapite ku dzenje lanu lija monga mumachitira tsiku lililonse, ndi kapu yomweyo ndi duku lomwelo, kuti mwana akubwezereni pamalo panu pamene ndinakuchotsani. Ndipo muitane abale onse adzakhalepo, akulu makamaka. Funso limene ndinalephera kuyankha m'kalasi lija si langa ndekha. Tikakhale pagombe tonse ndi ana, atifunse, tione ngati pamodzi tingapeze choyankha, ndi chimene tingabzale pamene pali zitsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti akhoza kundiseka koma adikire ndifike. Moni kwa ana anu onse ndi apongozi, kwa adzukulu, kwa amalume athu otsala aja ngati makutu akuwalolabe kumva, ndi kwa amayi onse a pamzere paja amene ndinawanyowetsa mpaka m'chiuno osawapempha. Mwana wanga, apongozi, Loya ndi Nduna akupereka moni. Njuchi ndamufunsa ngati ali ndi mawu. Akuti ndikuuzeni kuti musunge duku lija osalichapa, ndipo potuluka wanditcha abwana penta, ngakhale ananena motsitsa ngati dzinalo langomupulumuka.

Tidzafika Lachisanu madzulo. Abale onse akumane kwanu Loweruka pa 9 Ogasiti, ndipo tidzatsikire ku mtsinje dzuwa lisanakwere, poti wojambulayo akuti sathamangitsidwa ndipo ine ndidzaima nthawi yaitali. Nsapato ndazipolisha kale.

Tsalani bwino mpaka tionane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu,
Penta